Aerosmith idadzuka pomwe idagwa, mng'ono wanga sitidamudzutse

Akonzi,

Loweruka lapitali ndidaima ngati bambo pa ukwati wa mwana wa malemu mng'ono wanga, mu holo ina kuno ku Zomba. Akwati akulowa, mnyamata woseweretsa nyimbo adaika nyimbo yachizungu ija yomwe imamveka m'maukwati ambiri, "I Don't Want to Miss a Thing". Amayi nthungululu, atsikana mafoni m'mwamba, ine misozi chuchuchu. Alamu anga omwe adakhala pambali panga adandipatsa kansalu kopukutira poganiza kuti n'chimwemwe. Nthawi ya perekaniperekani itatha ndidafunsa anyamata angapo kuti kodi amene amaimba nyimboyo akuwadziwa? Palibe adayankha. Mkwati yemwenso sankadziwa kuti mawu omwe adamulowetsa mu holoyo ndi a Aerosmith, gulu lomwe bambo ake ankagona nalo n'kudzuka nalo. N'chifukwa chake ndatenga cholembera, ndipo ndikupempha kuti mundipirire ngati kalatayi yatalika.

Ine ndine wokonza mawayilesi. Ntchitoyi ndidaiphunzira kwa mkulu wina yemwe adali ndi kashopu pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Mu 1988 mnyamata wina wophunzira ku Chancellor College adabweretsa wayilesi ya kaseti yomwe idameza tepi. Nditatsegula ndidapeza tepiyo itazengerezeka pa kagudumu ka labala, itakwinyika ngati ndiwo zofutsa. Ndidaisolola pang'onopang'ono ndi kansonga ka sikuludiraiva, n'kudula pomwe padatafunika, n'kulumikiza ndi kachidutswa ka selotepi, kenaka n'kuikulunga ndi bolopeni. Nditapukuta hedi ndi spiriti ndidaiyesa kuti ndimve ngati yachira. Chomwe chidatuluka m'sipikamo ndidali ndisadachimvepo: ng'oma zolemera ngati munthu akusinja, magitala awiri akulankhulana, ndi mwamuna wa mawu osasa akukwera pamwamba pomwe ndinkaganiza kuti pakhosi pang'ambika. Pa kasetiyo adalemba ndi bolopeni kuti Permanent Vacation mbali imodzi, Toys in the Attic mbali inayo, zonse ziwiri zimbale za Aerosmith. Mwini wake adandilola kujambulako yanga. Madzulo ndidapita nayo kunyumba ku Chinamwali, ndipo mng'ono wanga, yemwe adali ndi zaka 18, adaimvera mpaka mabatire adatha.

Achinyamata a lero sangamvetse kuti nyimbo zotere zinkasowa bwanji. Wayilesi idali imodzi, MBC. Kanema wa dziko lino adadzayamba mu 1999. Mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lofika m'khosi, ndipo tinkamva kuti ngakhale alendo ankawameta pabwalo la ndege. Ndiye tsiku lomwe tidaona chithunzi cha amuna asanuwa m'magazini yakale yomwe tidagula pamsika, tsitsi lili m'mapewa, wina atamangirira nsalu pa chogwirira maikolofoni, mayi athu adati tikaiotche. Mng'ono wanga adadula chithunzicho n'kuchibisa m'buku la nyimbo za kwaya.

Mbiri yawo ndidaitola pang'onopang'ono, poyamba m'magazini otere, masiku ano pa intaneti ya pafoni. Gululi lidayamba mu 1970 mumzinda wa Boston ku America. Woimba wawo, Steven Tyler, adabadwa mu 1948 ku New York, ndipo bambo ake adali katswiri wa piyano. Iye adakumana ndi Joe Perry woimba gitala ndi Tom Hamilton wa besi ku Sunapee, dera la nyanja m'chigawo cha New Hampshire komwe mabanja ankapita kukapuma. Adatenga Joey Kramer kuti aziimba ng'oma, ndipo ndi yemwe adabweretsa dzina loti Aerosmith. Mu 1971 Brad Whitford adalowa m'malo mwa Ray Tabano pa gitala yachiwiri. Ankakhala nyumba imodzi ya lendi pa 1325 Commonwealth Avenue, kudyera limodzi, kupeka nyimbo limodzi, ndipo poyamba penipeni kuimba pagulu padali pa sukulu ya sekondale ya Nipmuc ku Mendon. Izi ndimazitchula dala, chifukwa anyamata athu akaona magulu akunja amaganiza kuti adabadwira pa siteji yaikulu. Awanso adayambira mu holo ya sukulu, monga momwe ambiri kuno amayambira.

Mu 1972 Clive Davis wa kampani ya Columbia Records adawaona akuimba ku Max's Kansas City, malo achisangalalo a ku New York, n'kuwasainitsa. Chimbale choyamba chidatuluka mu 1973, chaka chomwe Chancellor College idasamukira kuno ku Chirunga. Sichidayende malonda. Nyimbo ya "Dream On", yomwe Tyler adayamba kuipeka pa piyano akadali mnyamata, idathera pa nambala 59 pamndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka ku America. Iwo sadakhale pansi kudandaula kuti mawayilesi akuwanyalanyaza. Adakwera galimoto n'kumayenda tauni ndi tauni, kuimba usiku ndi usiku, mpaka anthu adawazolowera. Get Your Wings idatuluka mu 1974, Toys in the Attic mu 1975, chaka chomwe likulu la dziko lidachoka kuno kupita ku Lilongwe, kenaka Rocks mu 1976. "Dream On" yomweyo ataitulutsanso idafika pa nambala 6 mu 1976. Kwa ine zimbale ziwiri za 1975 ndi 1976 ndiye mtima wa gululi. Perry gitala yake ndi yaukali, ngati ikufuna kuthawa, pomwe Whitford amaigwira kuti isagwe, ndipo besi ya Hamilton poyambira "Sweet Emotion" mng'ono wanga adaiphunzira pa banjo ya chigubu cha mafuta yomwe adakhoma yekha, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga.

Pali anthu kuno omwe akamva gitala yolira chonchi amangoti ndi phokoso la azungu, ena amati n'za satana. Ndikuwapempha amvetsere bwino. Pansi pa phokosolo pali blues, nyimbo za anthu akuda a ku America, zidzukulu za omwe adagwidwa ukapolo kuno ku Africa. Nyimbo ya "Train Kept A-Rollin'" yomwe Aerosmith idatchuka nayo pa siteji adayamba kuijambula ndi Tiny Bradshaw, munthu wakuda, mu 1951. Mu 2004 gululi lidatulutsa chimbale pafupifupi chonse cha nyimbo zakale za blues, Honkin' on Bobo. Gwero lake sadalibise.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna kukhazikika. Ndalama zitayamba kulowa, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zidalowa nazo. Tyler ndi Perry anthu adafika powapatsa dzina loti Toxic Twins, ngati kunena kuti mapasa a poizoni, chifukwa cha cocaine ndi heroin. Chimbale cha Draw the Line cha 1977 adakachijambulira m'nyumba yakale ya masisitere ku Armonk, kunja kwa New York, poganiza kuti kwayekha kuwathandiza, koma eni ake adadzavomera pambuyo pake kuti nthawi yambiri idathera m'zoledzeretsa. Mu Julayi 1979 ku Cleveland, kuseri kwa siteji, akazi awiri a anthu a m'gululi adakangana mpaka wina kuthira mnzake mkaka, mkanganowo udagwera amuna, ndipo Perry adachoka n'kukayambitsa gulu lake. Whitford adachoka mu 1981. Adalowetsa Jimmy Crespo ndi Rick Dufay, adatulutsa Rock in a Hard Place mu 1982, koma anthu obwera kudzaonera adachepa, maholo adachepa, ndipo Tyler adafika pogwa pa siteji nyimbo ili mkati. Anthu omwe ankadzaza mabwalo a mpira adasanduka nkhani yakale.

Nkhani iyi ndimaiwerenga ngati ndikuwerenga za pakhomo pathu. Zinthu zitamasuka mu 1994, mng'ono wanga adali atagula gitala yeniyeni ya magetsi kwa msilikali wina wopuma. Ampulifaya ndidamulumikizira ndine, kuchokera ku wayilesi yagalimoto yakufa ndi sipika ziwiri m'bokosi la matabwa a paini. Adapanga gulu la anthu asanu. Ankaimba rege, rumba ndi nyimbo zakwathu, chifukwa ndi zomwe anthu ankavina, koma usiku ukapita, iye ankalowetsamo kachidutswa ka nyimbo ya Aerosmith ya "Walk This Way" ndipo anthu omwe sankaidziwa n'komwe ankakuwa. Adaimba m'mabala a mtauni muno, ku Songani, ku Thondwe, mpaka ku Liwonde. Dzanja adali nalo. Sindikunena chifukwa ndi m'bale wanga, omwe adamumva alipo mpaka lero.

Malipiro ake nthawi zambiri adali mowa. Mwini malo ankati ndalama zapakhomo zachepa, koma anyamata imwani kireti iyi. Omvera akasangalala sankaponya ndalama, ankabweretsa botolo n'kuliika pa sipika. Ndidaona ndi maso anga usiku wina mabotolo asanu ndi awiri atandandalika pamwamba pa bokosi lija ndidakhoma, onse a munthu mmodzi, ndipo kukana kukadaoneka mwano. Mowa wa m'botolo utayamba kumuchepera adatsikira ku kachasu, chamba chidabwera pambuyo pake. Gulu lidatha chifukwa cha mkangano wa ndalama za ukwati wina, woimba ng'oma adanyamula ng'oma zake, wa besi adapita ku Blantyre. Palibe adabwereranso. Gitala ija adaipinyolitsa kawiri ine n'kukaiombola, kachitatu sindidaipezenso.

Kusiyana kwa nkhani ziwirizi kuli pa zomwe zidachitika pambuyo pake. Mu February 1984 Perry ndi Whitford adapita kukaonera anzawo akale akuimba ku Orpheum Theatre ku Boston, adalankhulana, ndipo chaka chomwecho asanu aja adabwererana. Kubwererana kokha sikudachize kanthu. Done with Mirrors ya 1985, pansi pa kampani ya Geffen, siidapite patali, chifukwa zoledzeretsa zidali zikadalipo. Mu 1986 padachitika zinthu ziwiri. Choyamba, anyamata akuda a ku Queens, gulu la rap la Run-DMC, mothandizidwa ndi wojambula nyimbo Rick Rubin, adatenga "Walk This Way" n'kuiimbanso pamodzi ndi Tyler ndi Perry. Kugunda kwa ng'oma koyambira nyimboyo ma DJ a ku New York adali akukugwiritsa kale ntchito m'madansi awo. Nyimboyo idafika pa nambala 4, kuposa momwe eni ake adafikira nayo poyamba, ndipo mu vidiyo yake Tyler akuboola khoma lomwe lidalekanitsa magulu awiriwo. Ana omwe sankawadziwa adawadziwa.

Chachiwiri ndi chomwe chimandisowetsa tulo. Manijala wawo, Tim Collins, adasonkhanitsa anzake a Tyler pamodzi ndi dokotala, adamukhazika pansi, aliyense n'kumuuza maso ndi maso zomwe khalidwe lake lidawachita, ndipo adamuuza kuti apite kuchipatala chothandiza omwe agwidwa ndi zoledzeretsa. Adakwiya, poti anzakewonso sadali oyera, koma adapita. Adali ndi zaka 38. Enawo adatsatira mmodzimmodzi. Akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo apa anthu adatsinana makutu zenizeni. Kaseti ija idamezedwa ndi wayilesi mu 1988, Permanent Vacation ya 1987, idali chimbale choyamba cha anthu omwe adali akuchira. Ife tinkavina osadziwa.

Ife kwathu tidachita chiyani? Tidamukalipira. Tidamutsekera panja. Azakhali adati adamulodza anzake a m'bandi chifukwa cha nsanje, tidapita naye kwa sing'anga kutsidya kwa Likangala, adamutema mphini m'manja momwe ankagwirira gitala. Tidapita naye kumapemphero a usiku kuphiri. Mapemphero sindikuwanyoza, ine ndine wopemphera, koma padali chinthu china chomwe tidachizemba. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko muno chili konkuno ku Zomba, ulendo wosakwana ola pa njinga kuchokera pakhomo pathu. Mnzanga wina yemwe ankagwira ntchito zachipatala adandiuza mosapita m'mbali kuti uchidakwa ndi matenda, ndipite naye akamuone. Ndidakana ndine. Ndidaopa kuti anthu aziti kubanja kwa uje kuli wamisala, adapita naye ku mental, ndipo alongo athu asowa owakwatira. Mudziwa nokha momwe dzina la mzinda wathu amalitchulira anthu akafuna kunyoza mnzawo kuti mutu sukuyenda. Manyazi amenewo ndidawaika patsogolo pa moyo wa mwana wa mayi anga. Adamwalira mu 2004 ali ndi zaka 34, chiwindi chitatupa, maso ali chikasu, mwana wake ali ndi zaka 6.

Aerosmith itachira idakwera kuposa kale. Pump ya 1989 idali ndi "Janie's Got a Gun", nyimbo yonena za mtsikana wogwiriridwa ndi bambo ake omubereka, nkhani yomwe ngakhale kuno timaibisa m'nyumba, ndipo idawapatsa mphoto yawo yoyamba ya Grammy mwa zinayi zomwe adapata. Get a Grip ya 1993 idali chimbale chawo choyamba kufika pa nambala 1 ku America. Nyimbo ya paukwati ija idatuluka mu 1998 mu filimu ya Armageddon, momwe mudasewera mwana wa Tyler, Liv Tyler. Adailemba ndi Diane Warren, osati iwo, ndipo ndiyo yokha mwa nyimbo zawo yomwe idafika pa nambala 1 pamndandanda wa Billboard Hot 100. Kunena zoona siimene ndimaikonda kwambiri, ndi yofewa, magitala adawakankhira kumbuyo kwa zeze za okesitira. Mng'ono wanga adaimva mu vidiyo sho ina ku Matawale n'kubwera akudandaula kuti Perry amumanga manja. Koma ndi yomwe idafika m'maukwati athu, ndiye ndilibe nayo mlandu. Mu 2001 adawalowetsa mu Rock and Roll Hall of Fame, malo olemekeza akatswiri a nyimbo za rock, ndipo mu 2002 woimba rap Eminem adatenga "Dream On" n'kuiika mu "Sing for the Moment". Anyamata a rap omwe ndidawafunsa paukwati aja nyimbo imeneyo akuidziwa, koma gwero lake ayi.

Ndisanamizire kuti amuna awa adasanduka angelo. Mikangano siidathe. Mu 2009 Tyler adagwa pa siteji ku Sturgis, adavulala, ndipo chaka chisadathe adabwereranso kuchipatala chifukwa cha mankhwala opha ululu. Mu 2020 Kramer adasumira anzake kukhoti atamuletsa kuimba nawo pa mwambo wa Grammy. Mu 2022, ali ndi zaka 74, Tyler adagwanso m'zoledzeretsa atachitidwa opaleshoni ya phazi, gulu lidaimitsa zoimbaimba za ku Las Vegas n'kulengeza poyera kuti wapita kukalandira thandizo. Ena angati ndiye kuti chipatala sichidathandize. Ine ndikuona mosiyana. Matendawa amabwerera ngati mphumu, ndipo munthu akabwerera kuchipatala kachitatu kapena kachisanu ndiye kuti akadali moyo. Ulendo wawo wotsanzika udayamba mu Sepitembala 2023, koma atangoimba malo atatu Tyler adavulala kholingo, ndipo pa 2 Ogasiti 2024 adalengeza kuti asiya maulendo oimba. Chidawaimitsa ndi ukalamba ndi pakhosi, patatha zaka zoposa 50, onse asanu ali moyo.

Ndikudziwa chomwe owerenga ena anene: awo ndi a ku America, ali ndi madola, zipatala zawo n'zodula, iwe ukuyerekeza njovu ndi kalulu. Zoona, ndalama zidawathandiza. Koma kukhazika munthu pansi sikulira dola. Kubwerera kwa mnzako yemwe mudakangana naye sikulira dola. Thandizo m'dziko muno liliko ngakhale ndi lochepa: chipatala cha kuno ku Zomba, komanso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe omwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala. Luso nalonso tili nalo. Akaidi a kundende ya Zomba, ndi chimbale chomwe adajambulira mkati mwa mpanda, dzina lawo lidatchulidwa pa opikisana pa mphoto za Grammy za 2016, mphoto zomwezo zomwe Aerosmith idalandira. Ndipo kugwirizana tikudziwa kuti n'kotheka, taonani a Black Missionaries a ku Chileka momwe adapitirizira Evison Matafale atamwalira mu 2001, kapena Alleluya Band ya ku Balaka yomwe yalera oimba mibadwo ingapo.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi ili. Pa tsamba lanu la zoimbaimba, woimba akayamba kuoneka ataledzera pa siteji, musamangomujambula kuti anthu aseke pa Facebook, kenaka n'kudzalemba zomutamanda tsiku la maliro. Lembani kuti thandizo likupezeka kuti, amalipira zingati, munthu amayambira khomo liti. Funsani madokotala ndi anamwino alankhule m'Chichewa chomveka kuti uchidakwa umagwira bwanji thupi, komanso chifukwa chomwe munthu wozolowera kachasu akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera n'kumaona zinthu zomwe palibe, zomwe ife tinkazitcha ziwanda. Kwa eni mabala ndi malo achisangalalo, ndikugwada: mulipireni woimba ndalama m'manja, ngakhale zichepe, osati kireti. Inu omvera, nyimbo ikakukomerani mufupeni monga timafupira paukwati, botolo mumwe nokha. Ndipo inu anyamata a m'mabandi, mnzanu akayamba kubwera mochedwa, manja akunjenjemera, musangomuchotsa n'kulowetsa wina. Pitani kwawo, itanani abale ake, mukhale naye pansi.

Ukwati utatha ndidamuitana mkwati pambali n'kumuuza zonsezi, zina kwa nthawi yoyamba. Adandifunsa kuti, "Bambo aakulu, ndiye bambo anga ankaimba bwanji?" Ndidasowa chomuonetsa, chifukwa palibe adawajambulapo, ngakhale kaseti imodzi. Chomwe ndili nacho ndi kaseti ija ya 1988, yomwe ndidaipeza m'thumba la jekete lake titabwera kumanda. Ikadalira, kungoti pakati pa nyimbo yachitatu imadumpha pang'ono, potengera pomwe ndidalumikiza tepi ya mwini wake ndi selotepi. Mnyamatayo alibe choimbira kaseti, ndiye sabata ino ndatsitsa wayilesi yakale pashelefu. Hedi ndapukuta, mota ikuzungulira, chatsala ndi lamba wa labala yemwe adasungunuka. Ndafunsa m'mashopu onse a pamsika sadapezeke, Lachisanu ndikwera minibasi kukayang'ana ku Limbe.

Ndine wanu,
Wokonza mawayilesi,
Chinamwali, Zomba